Tsabola akasintha mtundu: mawu amodzi, nkhani ziwiri

Onani chiganizo ichi, chimene chimamveka kawirikawiri pakati pa anthu odzala timitengo ta tsabola tingapo kuseri kwa nyumba kapena m'mphepete mwa dimba:

(1) Tsabola wanga wasintha mtundu.

Pa galamala palibe chovuta. Mwininkhani ndi *tsabola*, dzina la m'gulu limodzi ndi *galu* ndi *fodya*, n'chifukwa chake timati *wanga*, *wasintha*, *amawawa*. Mneni ali m'nthawi yosonyeza kuti chinthu chachitika ndipo zotsatira zake zikuonekabe. Povuta ndi pa mawu omalizawo. M'Chichewa *mtundu* ndi maonekedwe a chinthu m'maso: kufiira, kuda, kubiriwira. *Mtundu* ndi gulunso la zinthu zofanana chibadwa: mtundu wa nyemba, mtundu wa nkhuku, mpaka mtundu wa anthu. Chiswahili chimalekanitsa ziwirizi, *rangi* kwake, *aina* kwake. Ife tinaziika m'thumba limodzi, ndipo masiku ambiri sitivutika nazo, chifukwa wofunsa mtundu wa malaya a sukulu ndi wofunsa mtundu wa feteleza sangasokonezane.

Pa tsabola ndi pamene thumbalo limabooka, chifukwa tsabola amasinthadi mtundu m'njira zonse ziwiri, ndipo njirazo n'zotalikirana kwambiri.

Anthu awiri akhoza kunena chiganizo (1) ndi nkhope yodandaula yofanana. Woyamba akunena kuti zipatso zimene zinali zobiriwira sabata yatha lero zaoneka zachikasu, pomwe iye amayembekezera zofiira. Wachiwiri akunena kuti anasunga njere za kambuzi chaka chatha, wafesa, wawokera, koma mitengo yabereka tsabola wautali wosongoka, wopanda ndi fungo lomwe la kambuzi. Woyambayo alibe vuto, angodikira kapena angothyola basi. Wachiwiriyo mbewu yake yapita. Ndiye pali wachitatu, amene wandichititsa kulemba nkhaniyi: iye waona zoyambazo koma wazimasulira ngati zachiwirizo, moti wazula kale mtengo wabwinobwino, kapena wayamba kuloza chala tsabola wa aneba kuti ndiye "wakwatira" wake.

Kufiira ndi mneni

Tiyambe ndi tanthauzo loyamba lija. Ambirife sitilabadira kuti mawu athu akuluakulu a mitundu si afotokozi enieni, ndi aneni: *kuyera*, *kuda*, *kufiira*, *kubiriwira*. Tikamati *wofiira* tangophatikiza *wa* ndi *kufiira*. Afotokozi enieni m'Chichewa ndi owerengeka, monga *-kulu*, *-ng'ono*, *-tali*, *-fupi* ndi *-wisi*, ndipo mumawazindikira poona kuti amatenga agwirizanitsi awiri: *wa-m-kulu*, *cha-chi-wisi*, *za-zi-tali*. *Wofiira* sali m'gulu limenelo. Poti *kufiira* ndi mneni, amalola nthawi ndi misintho ya aneni, ndipo pa nkhani ya chipatso chimene chikupsa umenewu ndi mwayi waukulu:

(2) a. Tsabola wayamba kufiira.
b. Tsabola wafiirira.
c. Tsabola wafiira psuu.

Mu (2a) pangooneka kachigamba kamodzi. Mu (2b) chipatso chonse chatembenuka koma sichinafike. Mu (2c) mvekero watseka nkhani. Chinenero chathu chimaona mtundu ngati ulendo, osati chikhomo chokhazikika, ndipo ndi mmenedi chipatso chimachitira.

Mu 1969 Brent Berlin ndi Paul Kay anatulutsa buku lotchedwa *Basic Color Terms*, momwe ananena kuti zinenero sizigawa mitundu mwachisawawa: chinenero chikakhala ndi mawu atatu okha a mitundu, amakhala a kuyera, kuda ndi kufiira, ndipo a kubiriwira ndi a chikasu amabwera pambuyo. Mfundoyi yatsutsidwa ndi kukonzedwa kambirimbiri, ndipo mu 1995 gulu la akatswiri, mmodzi mwa iwo Al Mtenje, linaiyesa pa Chichewa m'nkhani imene inatuluka mu *Lingua*. Kwa ife pano chofunika n'chimodzi: mawu atatu akalewo ndi otambalala. Ndi omwewonso amene ali ndi mivekero yaifupi yodziwika kwa aliyense, *mbee*, *bii*, *psuu*. Pomwe *chikasu* ndi dzina la chomera cha muzu wopaka utoto, n'chifukwa chake timati *wachikasu*, sitinena kuti *wochikasu*. *Olenji* ndi *lalanje* nawo ndi maina a chipatso.

Choncho *-fiira* wa agogo athu amafika patali. Ng'ombe yofiira siyofiira ngati magazi. Dothi la katondo ndi lofiira. Dzuwa likamalowa limafiira.

Chitsanzo chabwino ndi kambuzi, tsabola wathu wamng'ono wobulungira uja, wa fungo lomveka botolo lisanatsekulidwe n'komwe. (Dzinali palokha ndi phunziro: *ka-* wochepetsa pa *mbuzi*, koma likakhala dzina la tsabola ambirife timalisamutsira m'gulu la *tsabola* yemweyo, n'kumati *kambuzi wanga wapsa*. Mukanena kuti *kambuzi kanga kapsa*, anthu akhoza kubwera ndi mbale kudzalandira nyama. Aswahili nawo ali ndi *pilipili mbuzi*, ku Brazil kuli *pimenta-bode*, *bode* kutanthauza tonde, ndipo onsewa ndi abale a kambuzi wathu.) Kambuzi wambiri amene timamuona m'misika amapsa ndi mtundu wa olenji kapena wachikasu. Agogo akauza mdzukulu kuti "Usathyole mwanawe, udikire afiire", iwo akunena za mtundu umenewo. Mdzukulu amene anaphunzira mitundu ku sukulu ya mkaka, *redi* payekha, *olenji* payekha, *yelo* payekha, adikira kufiira kwa tomato kumene sikudzabwera, mpaka zipatso zifote n'kuyoyoka. Onse awiri alankhula Chichewa cholondola. Kungoti *-fiira* wa mdzukulu wafupika.

Mneni amene amanena zenizeni pa nkhaniyi ndi *kupsa*. Iyeyu sanena za maonekedwe: nsima imapsa ili yoyera, mapeyala ambiri amapsa ali obiriwira, nthochi imapsa ili yachikasu. Amanena za kufika pamene chinthu chimayenera kufika, kapena kupitirirapo, monga nyumba ikapsa kapena mtima ukapsa. Wotsutsana naye ndi *-wisi*, amenenso sanena za mtundu: nyama yaiwisi ndi yofiira, chinangwa chachiwisi n'choyera. Koma poti tomato ndi zipatso zina zimene tinakula tikuziona zimachoka pa kubiriwira kupita pa kufiira, m'mutu mwathu mawu anayiwa anagwirana manja awiriawiri, *-wisi* ndi *kubiriwira*, *kupsa* ndi *kufiira*. Tsabola ndiye amawalekanitsa. Alipo wina amene ali wamuwisi amaoneka woyererako, wina wakuda bii, ndipo alipo amene akapsa amakhala wachikasu, wa olenji, wabulawuni, ngakhale woyera.

Pakati pa *-wisi* ndi *kupsa* pali mneni wina, *kukhwima*. Girini pepa amene timagula pamsika ndi wokhwima koma wosapsa. Akanasiyidwa pamtengo akanafiira kapena kukhala wachikasu, ndipo mudzamva munthu akufunsa, osaseka n'komwe, kuti "Amayi, girini pepa wofiirayu mukuchita bwanji?" *Girini* m'mawu obwerekawa anasiya kalekale kunena za mtundu wa m'maso, anasanduka mbali ya dzina la mtundu wa mbewu. Kusiyana kwa kukhwima ndi kupsa n'kofunika kwa wosunga mbewu: njere za m'chipatso chobiriwira zambiri sizimera bwino, zodalirika ndi za chipatso chimene chapsera pamtengo.

Nanga m'kati mwa chipatsomo mumachitika chiyani? Utoto wina umachoka, wina n'kubwera. Tsabola wamuwisi ndi wobiriwira chifukwa cha chlorophyll, utoto womwewo wa m'masamba. Njere zikakhwima, chlorophyll amayamba kuphwanyika, ndipo chipatso chimayamba kuunjika utoto wa gulu la carotenoid, lomwe limapatsanso karoti ndi maungu maonekedwe awo. Kufiira kwa psuu kumachokera ku mitundu iwiri ya carotenoid, capsanthin ndi capsorubin (mwaona, *mtundu* wa tanthauzo lachiwiri walowerera kale m'ndime yokamba za tanthauzo loyamba). Utotowu supangidwa kamodzin'kamodzi. Umapangidwa motsatizana, ngati mzere wa anthu opatsirana njerwa: uyu apatsa uyo, uyo apatsa winayo. Mmodzi akachoka pamzere, njerwa zimaunjikana pamene wachokapo. Tsabola amene alibe womalizitsa mzerewo amaima pa chikasu kapena pa olenji, ndipo pamenepo ndiye pothera pake. Mukhoza kumudikira mwezi wathunthu.

Kuda kumene ena amakuona pa zipatso zaziwisi, makamaka mbali yowomba dzuwa, ndi nkhani ina. Umenewo ndi utoto wa anthocyanin, wofanana ndi wa pa khungu la mabiringanya, ndipo nthawi zambiri umazimirira chipatso chikamapsa. Si matenda, komanso si chizindikiro choti mbewu yasakanizika. Wabulawuni uja ndi tsabola amene chlorophyll wake saphwanyika, ndiye kufiira kumabwera n'kukhala pamodzi ndi kubiriwira.

Chimene chimalamula pamene chipatso chidzaime ndi majini. (Inde, mawu amenewa ndi tsoka lina: majini a sayansi, timalangizo ta chibadwa timene cholengedwa chimalandira kwa makolo ake, anafanana dzina ndi majini a mizimu aja. Pano tikunena oyambawo.) Mu 1985 Hurtado-Hernandez ndi Smith anafalitsa zimene anapeza atakwatitsa tsabola wopsa mofiira ndi wina wopsa moyera: mwa adzukulu a awiriwo munatuluka magulu 8 a mitundu, kuyambira kufiira mpaka kuyera. Anafotokoza kuti pali majini atatu, amene amalembedwa *y*, *c1* ndi *c2*. Lililonse likhoza kukhala logwira ntchito kapena losagwira, ndipo 2 × 2 × 2 ndi 8. Onse atatu akamagwira ntchito, chipatso chimafiira psuu. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti *y* ndiye jini la womalizitsa mzere uja, wopanga capsanthin ndi capsorubin. Tangoganizani, magulu 8, pomwe ife m'kamwa tili ndi kufiira, kufiirira, olenji, chikasu ndi kuyera. Mawu amatha mitundu isanathe.

Zonsezi zinalembedwa kale m'njere imene munafesa. Dzuwa, kuzizira ndi madzi zikhoza kufulumizitsa kupsa kapena kukuchedwetsa, koma sizingasandutse mtengo wa zipatso zachikasu kukhala wa zofiira. Mtengo wa aneba nawonso sungatero.

Phunziro la chimanga pa mbewu yolakwika

Tsopano tanthauzo lachiwiri. Tsabola si mbewu ya kuno. Kwawo ndi ku America, ndipo anafalikira ku Africa ndi ku Asia pambuyo pa 1492, makamaka kudzera m'malonda a Apwitikizi. Mitundu yolimidwa ilipo isanu, koma imene tili nayo pafupi ndi itatu: *Capsicum annuum*, kumene kuli girini pepa, papirika ndi tsabola wautali wambiri, *Capsicum frutescens*, kumene kuli piripiri, wamng'ono woloza kumwamba uja amene amapangira sosi wa Nali, ndi *Capsicum chinense*, kwawo kwa kambuzi ndi habanero. (Nikolaus von Jacquin anapereka dzina loti *chinense* mu 1776 poganiza kuti tsabolayu anachokera ku China. Si ife tokha amene maina amatisocheretsa.) Itatuyi ndi ya pachibale moti ikhoza kuberekerana, ngakhale kuti mitengo ya m'gulu limodzi ndiyo imaberekerana mosavuta.

Duwa la tsabola lili ndi mbali yaimuna ndi yaikazi pamodzi, choncho kawirikawiri limadzipatsa lokha mungu. Koma njuchi ndi tizilombo tina siziona malire a munda. Steven Tanksley atayeza m'minda ya ku New Mexico, anafalitsa mu 1984 kuti pafupifupi njere 42 pa 100 zilizonse zinali za mungu wa mtengo wina, ndipo pa mitengo ina chiwerengerocho chinafika 91. Kwina kumene njuchi n'zochepa chiwerengero chimatsika kwambiri, koma mfundo yoti tsabola amasakanizika ndi yoona ndithu. Wachitatu uja sanalote.

Pamene timasochera ndi pa funso lakuti: zotsatira zake zioneka liti, ndipo zioneka pati? Ine ndikuganiza kuti chimatisocheretsa ndi chimanga.

Aliyense amene anakulira pafupi ndi munda anaonapo chimanga chimodzi chokhala ndi njere zoyera, n'kupezekamo zina zachikasu kapena zakuda apo ndi apo. Mungu wochokera ku ngayaye za m'munda wa mnzanu ukagwera pa ndevu za chimanga chanu, njere imene yapangidwa ndi munguwo imaonetsa mtundu wa bambo wake chaka chomwecho. Chifukwa chake n'chakuti chimene timaona ndi kudya pa chimanga ndi njereyo, ndipo ufa wa m'kati mwake umatenga magawo awiri a chibadwa kwa mayi, gawo limodzi kwa bambo. Wilhelm Focke mu 1881 anatcha zoterezi *xenia*, kuchokera ku mawu a Chigiriki okhudza kulandira mlendo. Kwa ife chimanga ndiye mphunzitsi woyamba wa za chibadwa, ndipo amaphunzitsa poyera, ndi umboni wogwirika m'manja nthawi yotonola. Ndiye n'zosadabwitsa kuti phunziro la m'munda wa chimanga timalinyamula n'kukaliika pa mbewu iliyonse: mukadzala moyandikana, muona chaka chomwecho.

Tsabola satero. Chimene timaona mtundu wake ndi khungu ndi mnofu wa chipatso, ndipo zimenezi ndi thupi la mayi basi, mulibemo kanthu ka bambo. Mungu wachilendo umangofika pa njere. Chipatso chili ngati mimba, njere ndiye mwana, ndipo khungu la mayi woyembekezera silisintha chifukwa cha mtundu wa bambo wa mwanayo. Kambuzi amene maluwa ake onse alandira mungu wa piripiri abereka kambuzi weniweni chaka chimenecho, kaumbidwe komweko, fungo lomwelo, mtundu womwewo. Mlendo wabisala m'njere, akudikira kuti mumufese.

Chimodzimodzi ndi dandaulo ili, limene limamveka kwambiri kuposa (1):

(3) Girini pepa wanga wayamba kuwawa chifukwa ndinamudzala pafupi ndi piripiri.

Choyamba, *kuwawa* ndi thumba linanso. Mutu umawawa, kwinini amawawa, tsabola amawawa, koma kuwawa kutatuku sikumodzi, ndipo girini pepa wamuwisi akhoza kukhala ndi kakuwawa ka kwinini popanda ka moto. Koma tinene kuti wawawadi ngati moto. Moto umenewo ndi capsaicin, ndipo amapangidwa m'kamnofu koyera ka m'kati kamene njere zimamatirirako, osati m'njere zenizenizo. Kamnofu kameneko ndi ka mayi. Girini pepa weniweni ali ndi jini lotchedwa *Pun1* losagwira ntchito, choncho sangapange capsaicin, ngakhale atazunguliridwa ndi piripiri mbali zonse. Ngati wawawa, ndiye kuti njere imene anamerera inali yosakanizika kale. Cholakwika mu (3) si zimene munthuyo walawa ayi, ndi zimene waika pambuyo pa *chifukwa*. Waloza mbadwo wolakwika ndi chaka cholakwika. Chiganizo choona chikanakhala chotere:

(4) Girini pepa wanga akuwawa chifukwa mayi wake anadzalidwa pafupi ndi piripiri chaka chatha.

Tsabola wowawa kale akhoza kuwawa kwambiri chaka china kuposa chinzake, makamaka akasowa madzi, koma imeneyo ndi nkhani ya kuchuluka, osati ya kusanduka.

Palinso msampha wina umene umachedwetsa nkhaniyi ndi chaka chathunthu. Majini ena amaphimba anzawo: kufiira kumaphimba chikasu, kuwawa kumaphimba kusawawa. Tsabola wachikasu akalandira mungu wa wofiira, ana ake adzapsa mofiira, ndipo mwiniwake adzazindikira msanga. Koma wofiira akalandira mungu wa wachikasu, ana adzafiirabe, mwiniwake n'kumati mbewu yanga ili bwinobwino, n'kusunganso njere, mwina n'kugawirako abale. Chikasucho sichinafe. Chidzatulukira mwa adzukulu, pafupifupi mtengo umodzi pa inayi iliyonse ngati kusiyanako kuli pa jini limodzi, monga Gregor Mendel anafotokozera za nsawawa mu 1866. Ndipo poti kaumbidwe ka chipatso, fungo ndi kukula kwa mtengo zili ndi majini akeake, adzukuluwo amatuluka aliyense ndi nkhope yake.

Apa ndi pamene matanthauzo awiri a *mtundu* amakumana zenizeni. Mtengo wachikasu pakati pa abale ake ofiira wasintha mtundu wa m'maso, ndipo kusinthako ndi umboni woti mtundu wa chibadwa unasakanizika nyengo ziwiri zapitazo. Aneba amene mukuwaloza chala lero mwina nthawi imeneyo anali asanasamukire n'komwe m'dera lanu. Mwinanso palibe aneba olakwa: njere zotengedwa m'tsabola wa m'sitolo, kapena kwa ana a mbewu ya m'paketi yolembedwa F1, zimabalalika chimodzimodzi, pa chifukwa chomwe alangizi amaletsera kubwereza chimanga cha haibulidi. Ndiye pali mbalame, zimene sizimva moto wa capsaicin: zimameza zipatso zakupsa n'kukasiya njere kulikonse, kuphatikizapo m'nazale yanu, ndipo kambande komera kokha mukhoza kukawokera ngati kanu.

Tinene bwanji tsono?

Ena angati tingobwereka mawu, nkhani ithe. M'tauni *kala* anakhazikika kale: "Mukufuna ya kala yanji?" Ine mawuwa sindidana nawo. Alowa m'gulu la maina mwaulemu, *kala yake*, *makala ake* (ngakhale apa agundana ndi makala a pa mbaula), ndipo munthu akanena kuti *tsabola wasintha kala* palibe amene angaganize za njuchi. Koma kumidzi yambiri, kumene mbewu imasungidwadi m'mabotolo ndi m'timapepala, *mtundu* ndiye mawu a tsiku ndi tsiku, ndipo sachoka chifukwa choti ife a ku yunivesite tapeza kuti ali ndi matanthauzo awiri.

Ndikuona kuti Chichewa chili nazo kale zida zolekanitsira, kungoti zili mwa aneni, osati m'maina. Pa tanthauzo loyamba tili ndi *kupsa*, *kutembenuka*, *kufiirira*. Pa lachiwiri tili ndi *kusakanizika*, komanso fanizo lija la ukwati, *tsabola wakwatiwa*, *kukwatitsa mbewu*, limene kwa ine ndi lolondola kuposa mmene olinenawo amaligwiritsira ntchito. Ukwati susintha nkhope ya mkwatibwi. Umaonekera mwa ana, ndipo zina zimadumpha ana n'kukaonekera mwa adzukulu, monga timanenera kuti mwanayu watengera agogo ake. Munthu amene wanena kuti tsabola wake wakwatiwa wanena kale, mosadziwa, kuti zipatso za chaka chino zilibe mlandu.

Choncho wina akakuuzani chiganizo (1), musanayankhe mufunseni: "Wasintha pa mtengo womwewo, kapena mwa ana ake?" Ngati ndi pa mtengo womwewo, m'masiku kapena m'milungu, kumeneko ndi kupsa, kaya kwathera pa chikasu, kaya kwadzera pa kuda. Ngati ndi pakati pa zimene munatengako njere ndi zimene zamera, pamenepo ndiye tikambe za mungu, za m'paketi kapena za mbalame. Kwa amene mumamasulira timabuku ta ulimi kapena kukonza mapulogalamu a pa wailesi, ndingapemphe kuti *mtundu* musamamusiye yekha m'chiganizo chokhudza tsabola. Lembani *maonekedwe a chipatso* kapena *mtundu wa mbewu*. Mawu awonjezereka awiri okha, koma womvera adziwa ngati akuyenera kudikira kapena kusaka mbewu ina.

Kwa amene mukufuna kusunga kambuzi wa kwanu kuti akhalebe kambuzi, kutalikitsa minda ndi mamita oposa 100, monga osunga mbewu amalangizira, n'kosatheka pa poloti ya m'tauni, ngakhale m'mudzi momwe. Njira yapafupi ndi kuphimba. Sankhani mtengo wa zipatso zimene mumazikonda, pezani nthambi ya maluwa amene sanamasule, chotsanipo omasula kale ndi tizipatso tonse, kenako muivale kathumba ka nsalu yopyapyala yolowa mpweya, n'kumanga kukamwa kuti kachilombo kasalowe. Maluwa akamasula muzigwedeza nthambiyo pang'ono m'mawa kuti mungu ugwere pamalo pake. Tizipatso tikaoneka chotsani kathumbako, ndipo pa phesi la chipatso chilichonse chimene chinali m'kati mangani kaulusi, chifukwa pakatha milungu itatu simudzatha kuzisiyanitsa ndi zinzake. Za ulusizo muzisiye zipsere pamtengo mpaka mtundu usiye kusintha, ndipo njere zake muziyanike pamthunzi.